Hutala ya Kudambo la Nanzeze

Amene amati zoopsa zimayenda mumdima mokha sadafikeko kudambo la Nanzeze. Izi ndikukambazi zidachitika dzuwa lili pamutu, mpunga utawerama m'minda, anthu akuona ndi maso awo. Amene zidamugwera alipo mpaka lero, amakonza mawailesi ndi mafoni pakhonde la sitolo ina pamsika wa kumtunda. Dzina lake ndi Enelesi Kamtedza.

Enelesi adali mayi wosalankhulalankhula, wa zala zodzaza zipsera za chowotcherera mawaya. Ntchitoyi adaiphunzira m'tauni komwe adakhala zaka zambiri, ndipo adabwerera kwawo banja litatha. Kumudziko adapeza mkulu wake, Felesiya, ali wamasiye. Amuna ake a Felesiya, a Simiyoni, adapita ndi madzi chaka cha chigumula chija, mtembo wawo osapezeka. Zimenezo ndizo Enelesi ankadziwa, ndipo sadafunsepo zambiri.

Tsiku lina m'mawa Felesiya adatulukira pakhonde paja atanyamula chinthu chokulunga m'chitenje. Adachiika pathebulo, gu! Idali hutala ya lole, yadzimbiri.

"Mpheta zandimaliza, Enelesi," adatero. "Munda wanga uli kumathero kwenikweni, kufupi ndi bango. Ndikathamangira uku, zatera uko. Ndipangire choti chizilira chokha, chikalira chizipuma, kenako chilirenso."

"Mwaitenga kuti hutalayi, achemwali?"

"Pachiphakasa cha lole chili kuseri kwa chigayo chija. Palibe mwini."

Ntchitoyo sidali yovuta. Enelesi adatenga kachipu kakuda ka timiyendo tisanu ndi titatu, kamene amisiri amangokatchula kuti 555, maresista awiri ndi kapasita imodzi yonenepa ngati chala chachikulu. Felesiya atakhala pabenchi adafunsa kuti tinthu tochepa chonchi tingadziwe bwanji nthawi.

"Kapasitayi muiyese ndowa," adatero Enelesi. "Magetsi amalowamo kudzera m'maresista onse awiri, ngati madzi odutsa m'mipope iwiri yopanikiza. Nthawi imene ndowa ikudzaza, hutala ili chete. Ikadzaza, kachipu aka kamaikhuthula, koma pokhuthula madzi amatulukira mumpope umodzi wokha, wachiwiriwu. Nthawi yokhuthulayo ndiyo hutala imalira. Ndiye mundiuze, ilire nthawi yaitali bwanji, ipume nthawi yaitali bwanji?"

"Iwe ndiye mmisiri."

Enelesi adalemba pachikatoni. Maresista amayezedwa ndi ma k, ndipo ndi kapasita imeneyo, ya 470, ma k atatu aliwonse ankapereka sekondi imodzi. Resista yachiwiri adasankha ya 15k kuti hutala izilira masekondi asanu. Yoyamba adasankha ya 150k, ya mizere yofiirira, yobiriwira ndi yachikasu, kuti ziwirizo pamodzi zipereke chete wa masekondi makumi asanu ndi asanu. Zonse pamodzi mphindi imodzi. Adaganiza kuti ikamalira pafupipafupi mpheta ziizolowera, komanso batire ya njinga yamoto imene adali nayo idali yotopa, kasola kake kakang'ono. Atalumikiza, hutala idaphulika, phwiiii, mpaka amayi ogulitsa tomato adadzidzimuka ndi kutukwana. Adayesa ndi wotchi ya pafoni katatu. Asanu, makumi asanu ndi asanu, osaphonya.

Mawa lake adakaipachika pamtengo wa chisakasa cha Felesiya. Sabata yoyamba zonse zidayenda. Mpheta zinkati zikatera, hutala phwii, zonse psuu m'mwamba ngati utsi. Alimi oyandikana nawo adayamba kufunsa ngati Enelesi angawapangire zawo.

Sabata yachiwiri Felesiya adatumiza uthenga woti batire ikumatha dzuwa lisanapendeke.

Enelesi adapalasa njinga mpaka pomwe msewu umathera, kenako adaikankha pakanjira kapamgula, madzi uku ndi uku. Atafika adakhala pansi pachisakasa natulutsa foni. Hutala idalira. Adawerenga: asanu, asanu ndi imodzi, asanu ndi awiri, asanu ndi atatu. Idasiya pa asanu ndi anayi. Ulendo wotsatira idafika khumi ndi awiri.

"Mwagwirako chilichonse muno?"

"Ine ndingayambire pati?" adayankha Felesiya, maso ali kubango.

Enelesi adatsegula kabokosi kamene adaikamo kachipu kaja, nayeza resista yachiwiri ndi mita yoyezera magetsi. Idali 15k yomweyo. Adaganiza kuti mwina kapasita yaonongeka ndi kutentha, naika ina yatsopano. Palibe chidasintha. Adachotsa bokosi lonse, kupita nalo kumsika, kuliyesa pathebulo lake: masekondi asanu, ndendende. Atalibweza kumunda, khumi ndi anayi. Kaliridwe kakenso kadali kena. Pothera sinkaduka mwadzidzidzi monga mwa nthawi zonse, inkachita ngati ikufuna kusiya koma wina waikanikiza ndi chikhatho.

Pamenepo mpamene adazindikira chinthu china. Mpheta kudalibe. Osati kuti zinkathawa hutala ayi, kudalibiretu. Akakowa oyera aja amene sasowa m'minda ya mpunga adali ataunjikana kutali, kuminda ya kumtunda. Achule nawo adali zii. Mpunga wonse udangoti chilili, kopanda ndi kamphepo komwe.

Hutala itasiya, m'chete muja mudamveka phokoso kuchokera kubango. Chubwi. Chubwi. Chubwi. Ngati munthu akuyenda m'madzi ofika m'mawondo, atasenza cholemera. Hutala italiranso, phokosolo lidaleka. Itasiya, lidayambanso.

"Ng'ombe za ndani zalowa m'bango?" adafunsa Enelesi.

"Kulibe ng'ombe kuno."

"Nanga chimenecho n'chiyani?"

Felesiya adangokoka chitenje kuphimba mapewa, kunja kukutentha chotero. "Matumba anga akusowa," adatero. "Ndidaika asanu apa, opanda kanthu, okonzekera kukolola. Dzana ndinapeza palibe."

Akubwerera, Enelesi adakumana ndi a Likaka, bambo wachikulire amene ankatsegula ndi kutseka madzi a m'ngalande. Adawafunsa za matumba aja. A Likaka adamutenga mpaka pamgula wina wakumadzulo namulozera. Matumba asanu adali ataima pamzere, odzaza, omanga kukamwa ndi luzi. Ankatuluka madzi akuda. Enelesi adaboola limodzi ndi sikuludiraiva. Mudali mpunga wowola, wakuda bii, wonunkha ngati thope la pansi pa chitsime.

"Dzulo anali uko, pafupi ndi bango," adatero a Likaka. "Lero ali pano. Ine sindinawagwire, ndipo palibe amene angawagwire. Mayi, chinthu chanucho kachotseni."

"Ndi waya chabe ndi batire, bambo."

"Ndamva. Koma madzi saiwala khwawa." Adanyamula khasu lawo nachoka osatsazika.

Enelesi sadali munthu wa mantha, koma adali munthu wa masamu, ndipo masamu ake adamuuza chinthu chimodzi: chilichonse chimene chidali m'madzimo chinkayenda hutala ikakhala chete, nkuima ikamalira. Tsono chinkaiopa. Ngati chinkaiopa, mankhwala ake nkuchepetsa chete.

Mawa lake masana adabwerera ndi kachitini ka maresista. Adachotsa ya 150k naika ya 47k. Tsopano ndowa inkadzaza msanga, chete adatsika kufika masekondi makumi awiri. Adabweretsanso batire yachiwiri yobwereka. Felesiya adali atapita kukatunga madzi akumwa, ndipo Enelesi adali yekha, atawerama pabokosi, pamene mawu adamveka kumbuyo kwake.

"Mwaswera bwanji, mayi?"

Adatembenuka. Pamgula padaima bambo wamtali, wowonda, wovala malaya a mpira otuwa. Khutu lake lakumanzere lidali long'ambika. Enelesi sadamumve akubwera, chonsecho kanjirako nkoterera, munthu sangayendepo mwakachetechete.

"Ndaswera, kaya inu?"

"Ndinu mukuliza?"

"Ndine."

"Imafulumira kusiya," adatero bamboyo. Mawu ake adali ofatsa, a munthu wotopa kwambiri. "Tikangoti taimva bwino, yasiya. Kuli amayi kumbuyoku, sakuyenda msanga."

Enelesi adati ayankhe, hutala idalira pamwamba pa mutu wake, iye nkutsinzina ndi kudzidzimuka. Potsegula maso, pamgula padalibe munthu. Minda idali yoyera mbali zonse, mpunga wofika m'chiuno, popanda mtengo kapena chulu choti munthu nkubisalako. Pamene adaima bamboyo padali chithaphwi, ndipo chinkakula.

Enelesi adachotsanso ya 47k naika ya 10k. Chete adatsala masekondi asanu ndi atatu okha. Adadziwa kuti ndi malumikizidwe amenewa sakadatha kumutheratu cheteyo, chifukwa ndowa iyenera kudzaza isanakhuthulidwe. Adakhala pansi namvetsera. Phwiiii. Chubwi, chubwi, chubwi, chubwi. Phwiiii. Chubwi, chubwi, chubwi, chubwi. Mapaziwo sadachepe. Adachuluka, ndipo tsopano sankapita uku ndi uku monga dzulo. Ankabwera molunjika.

Felesiya adafika ndi chigubu pamutu. Enelesi adamuuza za bambo uja.

"Khutu liti?" adafunsa Felesiya.

"Lakumanzere."

Chigubu chidagwa, madzi nkutayika. Felesiya adakhala pansi pathope pomwepo, miyendo atatambasula ngati mwana.

"Ndi Jailosi ameneyo. Khutulo idamuluma ndi ng'ona ali mnyamata."

"Amakhala kuti?"

"Enelesi, Jailosi adapita limodzi ndi alamu ako."

Hutala idalira, idasiya, idaliranso, Felesiya asanapitirize. Kenako adayankhula, mawu ake akulowa m'timipata ta chete tija.

"Tsiku lija madzi adabwera masana ngati ano. Kudabwera lole kudzatenga anthu. Woyendetsa adaima pamphambano paja nkumaliza hutala kuti onse akuminda amve. Alamu ako, Jailosi, a Namagonya, Edina ndi a Biti Mdala adali atathamangira kuno kudzapulumutsa matumba a mpunga. Ife tidakwera, anthu oposa makumi atatu, ana, odwala. Madzi adayamba kukwera pakamlatho kamene tidayenera kuwoloka. Woyendetsa adafunsa kuti, alipo otsala? Onse adayang'ana ine, poti ndine ndidali pamwamba pa katundu, ndimaona kutali."

"Ndiye munati chiyani?"

"Ndidawaona, Enelesi. Mitu isanu, kutali, madzi ali m'chifuwa, matumba pamutu. Mvula idali yoti sungaone bwino, iwo ankangotsata kulira kwa hutala. Ndidayang'ana kamlatho, ndidayang'ana ana aja. Ndidati, palibe. Woyendetsa adachotsa dzanja pahutala, tidanyamuka. Titangowoloka, kamlatho kadamira."

Enelesi adayang'ana hutala yadzimbiri ija pamtengo.

"Ndi ya lole yomweyo?"

"Yomweyo. Sindimadziwa kuti zifika apa. Ndimangofuna kuimvanso ikulira kuno. Ndimati mwina mtima ukhala pansi."

Pamenepo Enelesi adamvetsa. Anthuwo sankaiopa hutala. Ikamalira ankaima kuti amve kumene ikuchokera. Ikasiya ankayenda. Iye, ndi maresista ake, adali atawawongolera njira.

Adaimirira kuti azule waya wa batire. Felesiya adamugwira mwendo.

"Usazimitse! Ndawazimitsirapo kamodzi. Kachiwiri ayi."

"Ndiye akafika pano atani, achemwali? Lole ili kuti? Apeza chisakasa ndi inu."

Kumwera kudali kutayamba kuda, chiperoni chikutsika m'phiri, choyera ngati ufa. Dzuwa lidazilala, ndipo kasola kadasiya kudyetsa batire. Mapazi aja tsopano adali m'munda woyandikana nawo. Mpunga unkagawikana pawokha m'malo asanu, ngala zikugwedera, koma pakati pake osaoneka kanthu koma nkhungu yokhuthala pang'ono kuposa ina.

"Lole idakakutsitsani kuti?" adafunsa Enelesi.

"Pachitunda, patchalitchi paja."

Kuseri kwa tchalitchicho ndiko kudali manda a mudzi. Enelesi adaganiza msanga zowatsogolera kumeneko ndi hutala. Kuchokera pachisakasa kukafika kuchitunda, pa mayendedwe a Felesiya, lidali ola limodzi ndi theka. Batire yobwereka idali itatha kale, yotsalayo idali ndi mphamvu pang'ono. Hutala ya lole imadya moto ngati ng'anjo. Ikamalira monga inkaliriramu, sakadafika ngakhale pamphambano. Akatalikitsa chete kufika mphindi yathunthu, m'nkhungu yotere anthuwo akadasocheranso, kapena akadawapeza iwo asanamve kulira kwina. Adakhuthula kachitini pachitenje. Timaresista tidabalalika, tating'ono ngati mbewu za mpunga, mizere yake yosaoneka bwino m'chisisira cha nkhungu. Adayeza ndi mita kamodzikamodzi. Ma k atatu, sekondi imodzi. Adapeza ya 6.8k: kulira kwa masekondi awiri. Adapeza ya 56k: pamodzi ndi inzake, chete wa masekondi makumi awiri. Kulira kumodzi pa magawo khumi a chete. Mwina ikadafika.

Kuti asinthe adayenera kuzimitsa. Adazula waya.

Chete amene adagwa pamenepo Enelesi sadamuiwale. Mapazi onse adaima. Kenako kudamveka mawu a mayi, osati kulira, osati kuitana, koma kaphokoso kamene munthu amachita akaona chitseko chikutsekedwa iye ali panja. Ndipo madzi adayamba kuvunduka, mofulumira, kuchokera mbali zonse.

Chowotcherera padalibe. Adapota timiyendo ta maresista ndi zala, waya nkumubaya pansi pa chikhadabo, magazi nkudontha pabokosi. Fungo la thope lidadzaza chisakasa. China chake chozizira chidaima pafupi ndi phewa lake, chikupuma. Sadatembenuke. Adabwezera waya.

Phwii.

Zonse zidaima.

"Tiyeni," adanong'ona. Adamanga bokosi, batire ndi hutala pakaliyala wa njinga ndi lamba wa mphira. "Inu patsogolo. Musacheuke."

Adayenda chomwecho pakanjira kapamgula, Felesiya patsogolo, Enelesi akukankha njinga, nkhungu itawakuta moti sankaona kupitirira mikono khumi. Masekondi makumi awiri aliwonse hutala inkalira masekondi awiri okha, ndipo kumbuyo kunkati zii. Ikasiya, chubwi, chubwi, mbali zonse ziwiri za mgula. Enelesi ankawerenga chamumtima. Pofika khumi ndi asanu ndi atatu, mapazi ankakhala atayandikira kwambiri moti madzi ankamuthovukira m'miyendo. Pa makumi awiri hutala inkawaimitsa, iye nkupezerapo mapazi atatu kapena anayi.

Atatuluka m'minda kulowa mumsewu wafumbi, phokoso lidasintha. Lidakhala la mapazi onyowa pa dothi louma, phatha, phatha, ndi kudontha kwa madzi. Pamphambano padali anthu obwerera kuchokera kuminda, atabisala mvula yowaza pansi pa mtengo wa mango. A Likaka adali pomwepo. Ataona amayi awiriwo akutuluka m'nkhungu, ndi mapazi onyowa amene ankadindika okha pansi kumbuyo kwawo, adavula chipewa.

"Patukani," adauza anthuwo. "Patukani nonse, muyang'ane kumbali. Kukudutsa maliro."

Palibe adafunsa kuti maliro ake ali kuti. Amayi adagwada m'mphepete mwa msewu, nkhope atazika pansi. Bambo wina adagwira galu wake kukamwa. Mayi wina wachikulire, amene adabereka Edina, adayamba kusisima atamva fungo lija, anzake nkumutseka pakamwa ndi chitenje.

Pakamlatho, kamene adakamanganso ndi simenti, hutala idalira ndipo sidasiye. Masekondi awiri adadutsa, asanu, khumi. Enelesi adamva njinga ikulemera kumbuyo ngati wina watsamira pakaliyala. Kulirako kudayamba kusasa, batire ikutha iye akumva.

"Chonde," adatero osatembenuka. "Mukaigwira chonchi ithera panjira. Sitikusiyani. Taonani, tikuyenda pang'onopang'ono. Isiyeni."

Idalirabe pang'ono, kenako idaduka. Njinga idapepuka. Adawoloka.

Chitunda chidali chotsetsereka, Felesiya akupuma mwabefu, akuima kawirikawiri atagwira bondo. Hutala tsopano inkangoti fwee, ngati mbuzi yodwala. Kachipu kankasungabe nthawi yake, awiri ndi makumi awiri, koma mphamvu yolizira idali itapita. Adadutsa tchalitchi, nkhungu ikuyenda pakati pa mitengo ya bulugamu. Patatsala mapazi ngati makumi atatu kuti afike pamsitu wa manda, m'bokosi mudangomveka kuti tha, hutala osalira.

Adaima. Kumbuyo nakonso kudaima, kukudikira.

Felesiya adatembenuka. Enelesi adafuna kumuletsa, koma adachedwa. Chimene adaona mkulu wakeyo sadachinene kwa munthu. Enelesi adangoona nkhope yake ikukalamba pamaso pake.

"A Namagonya," adaitana Felesiya. "Mwafika. Kuno nkumtunda. Tulani katundu, lowani."

Chinthu cholemera chidagwa pansi, bwa! Mphepo yozizira, yonyowa, idadutsa pakati pa awiriwo kulowa mumsitu.

"A Biti Mdala, mwafika. Edina, wafika, mwana wa anzanga. Jailosi, wafika."

Katatu kenanso katundu adagwa, katatu kuzizira kudadutsa. Masamba a mumsitu adagwedera nkukhalanso bata.

"Bambo a kunyumba," adatero Felesiya. "A Simiyoni. Mwafika."

Thumba lachisanu lidagwa. Koma palibe chidadutsa.

"Mwafika, bambo. Lowani."

Zii. Madzi okha ankadontha penapake pafupi, tho, tho, tho. Kenako Enelesi adaona dzanja lamanzere la mkulu wake likukwera lokha, pang'onopang'ono, monga limakwerera dzanja la munthu amene wina wamugwira pamkono. Felesiya adapendeketsa mutu ngati akumvetsera.

"Akuti adandiona," adatero motsitsa. "Pamwamba pa katundu paja. Akuti adakweza dzanja, ine nkuyang'ana kumbali. Pita kunyumba, Enelesi. Akuti ndiwaperekeze."

Adaponya phazi limodzi kulowera kumsitu.

Enelesi adaisiya njinga kuti igwe, nagwira mkono wamanja wa mkulu wake ndi manja onse awiri. Chimene chinkakoka mbali inayo sichinkakoka mwaukali. Chinkakoka ngati madzi a mtsinje, mosalekeza, mosatopa. Mapazi a Enelesi adayamba kukhwekhwereka pa udzu wonyowa. Adakola mwendo wake pamuzu wa bulugamu, nagwada.

"Alamu," adatero, maso ali pansi monga mwa ulemu. "Ndine Enelesi. Mukundidziwa, mudandiperekeza kokwerera basi pamene ndinkapita kutauni. Adakulakwirani, inde. Koma ana aja adali m'lole ali moyo, ena akwatiwa, ena ali pasukulu. Lero wakutengani kumadzi ndi yemweyu, ndi miyendo yake. Mwafika. Awa ndisiyireni, ndilibe wina."

Kukokako sikudaleke. Enelesi, posowa chochita, adayamba kuwerenga monga adachitira njira yonse. Adafika makumi awiri, hutala osalira. Adayambiranso. Mapewa ake ankamveka ngati azuka. Felesiya sankathandiza mbali iliyonse, adangoima pakati, maso otseka, misozi ikutsika. Enelesi adawerenga makumi awiri kachisanu, kachisanu ndi chimodzi. Pa ulendo wachisanu ndi chiwiri, ali pa khumi ndi atatu, kukoka kudatha mwadzidzidzi, onse awiri nkugwera chagada. Kuzizira kudadutsa pamwamba pawo, pang'onopang'ono, kudaima kanthawi pamphepete pa msitu, kenako kudalowa.

A Likaka ndi amuna ena adawapeza pomwepo nkhungu itayamba kuyera. Mumsewu mudali matumba asanu, ong'ambika, mpunga wakuda utamwazika. Adawakwirira tsiku lomwelo kumandako, thumba lililonse dzenje lake, abusa nkupemphera, achibale nkulira maliro amene adawadikira zaka zisanu ndi chimodzi. Mpunga wa Felesiya adakolola ndi anthu a mumpingo. Munda uja adaubweza, ndipo mpaka lero palibe waupempha.

Felesiya adachira, koma dzanja lamanzere lija silidagwirenso ntchito. Lidangolendewera, lozizira ngati mwala wa mumtsinje ngakhale m'mwezi wa Okutobala, ndipo pamkono padatsala mizere inayi yakuda imene sopo sadaichotse. Kuchipatala adati ndi mitsempha. Enelesi adamutenga kukakhala naye kumsika, nkumamusambitsa, kumumanga chitenje, kumupesa tsitsi.

Tsiku lina masana, mvula yoyamba itagunda kumwera, Enelesi akumudula zikhadabo za dzanja lakufalo pakhonde, Felesiya adayankhula osamuyang'ana.

"Unandigwiriranji?"

Enelesi adapitiriza kudula.

"Adangondibwereketsa kwa iwe, ukudziwa? Dzanjali sadalisiye. Ndimawamva."

"Ndikudziwa, achemwali," adatero Enelesi. "Nthawi zonse ndikaligwira, amakoka pang'ono."

Adamaliza chala chomaliza, napukuta lumo pachitenje. Koma mkono wa mkulu wakewo sadausiye.